Kaliwo wokhakhala: wowombedwa ndi mchenga kapena wogobedwa ndi dzanja?

Achimwene ena amene amagwira ntchito ku Johannesburg andilembera imelo sabata yatha. Akuti apeza akaliwo awiri a kaunjika m'sitolo ya zinthu zakale, onse akuda, onse okhakhala. Pa wina palembedwa kuti sandblast, pa mnzakeyo rusticated, ndipo woyambayo ndi wodulirapo. Akufuna kudziwa kusiyana kwake, komanso ngati n'zoona zimene wogulitsa wawauza, zoti kaliwo wokhakhala satentha ngati wosalala.

Achimwene, tiyambe ndi mtengo, osati wa ndalama uja ayi, wa kuthengo. Akaliwo ambiri abwino amasemedwa ku briar, chitsamba chimene akatswiri amachitcha Erica arborea, chomera m'mapiri ouma a ku Corsica, Sardinia, Italy, Greece ndi Algeria. Sasema thunthu lake, koma chotupa chimene chimakula pakati pa mizu ndi tsinde. Amachikumba, kuchicheka, kuchiwiritsa maola ambiri kuti utomoni uchoke, kenako n'kuchiumitsa. Poti chimakulira m'dothi, chimameza timiyala ndi mchenga, ndiye m'kati mwake mumakhala timaenje. Wosema amatha kugwira ntchito tsiku lonse, atatsala pang'ono kumaliza n'kuona kadzenje katulukira pamimba penipeni pa kaliwo. Akaliwo osalala opanda chilema amadula chifukwa cha zimenezi, ndipo ambiri okhakhala anabadwa tsiku ngati limenelo.

Sandblast ndi kuwomba kaliwo ndi mphepo ya kompuresa yosakaniza ndi mchenga, ngakhale masiku ano ambiri amathiramo timikanda tagalasi kapena ufa wolimba wotchedwa aluminium oxide. Ganizani za munda wapachitunda mvula yamkuntho ikapita: dothi lofewa lakokoloka, pouma patsala. Ndi momwemonso. Mchenga umadya malo ofewa n'kusiya olimba, ndiye mizere imene mtengo unkaika chaka ndi chaka imatumphuka n'kumagwirika ndi chala. Kampani ya Alfred Dunhill ya ku London ndiyo inatchukitsa njirayi mu 1917 ndi akaliwo otchedwa Shell. Akale aja ankapangidwa ndi briar wa ku Algeria, wofewerapo, moti mchenga unkalowa mozama mpaka kaliwo kupotoka pang'ono maonekedwe. Osonkhanitsa akaliwo amalimbirana amenewo mpaka lero. Mtengo ukadulidwa bwino, mizere imazungulira mbale ya kaliwo ngati mphete zosanjikizana. Azungu amati ring grain, ndipo ine ndikauona mtima umapita.

Rusticated ndi nkhani ina. Apa palibe mchenga, pali munthu ndi chida: tchizulo, kachitsulo kozungulira pamakina, ena amangomanga misomali pamodzi n'kumajoba akupotokola. Zimene mukuona pakaliwo wotere si mizere ya mtengo, ndi dzanja la mmisiri. N'chifukwa chake ena amaunyoza, amati ndi pobisira manyazi a mtengo woipa. Nthawi zina akunena zoona. Ndinaonapo akaliwo otchipa ogobedwa mwaulesi, ngati chiswe chinayamba ntchito n'kuisiyira panjira. Koma tengani Sea Rock wa Castello, kampani imene Carlo Scotti anayambitsa ku Cantù m'dziko la Italy mu 1947. Ndi wogobedwa, mozama ngati thanthwe la m'mbali mwa nyanja, ndipo mtengo wake umaposa wa akaliwo osalala ambirimbiri. Donegal Rocky wa kampani ya Peterson ya ku Dublin ndi wa anthu wamba ife, koma naye sachititsa manyazi.

Kuti musapusitsidwe, muikeni pambali pa windo kuti kuwala kumugunde chammbali. Wowombedwa ndi mchenga mizere yake imatsatana ngati mafunde, ndipo mukamutembenuza mupeza mbali ina yokongola, ina yongokhala timadontho. Mtengo suyenda mofanana. Wogobedwa amafanana paliponse, kutsogolo, kumbuyo, pansi. Alipo ena amene amagoba kaye kenako n'kuwombapo mchenga pang'ono kuti zipsera za chida zifafanizike. Si mlandu, bola asakutchajeni ngati sandblast weniweni.

Za kutenthazo, wogulitsa sananame kwenikweni koma wakokomeza. Amati khungu lokhakhala ndi lalikulu, ndiye limataya moto msanga. Ine chimene ndimamva ndi chakuti zala zimangokhudza nsonga za tizitunda, osati mbale yonse, basi dzanja silipsa. Utsi wofika palilime ndi womwewo. Kaliwo amatentha chifukwa cha fodya wonyowa, kudzaza mothinitsa, ndi kukoka mothamanga ngati minibasi ikukusiyani. Komanso palibe khungu, losalala kapena lokhakhala, limene limachotsa poizoni wa fodya. Izo mukuzidziwa kale.

Ubwino weniweni ndi wapafupi. Wokhakhala amapepukirapo chifukwa mtengo wina wachoka, saterereka m'manja mwa thukuta, ndipo akagwa pasimenti chipsera chimasowa m'maenjemo. Kuipa kwake, maenje omwewo amasunga fumbi ndi litsiro la m'manja. Ine ndinalakwitsapo: ndinapaka phula lambiri pa kaliwo wanga wogobedwa kuti awale, phula lija n'kuuma m'timing'alu monse, kaliwo kuyera mbuu ngati wagwera mu ufa. Ndinatha madzulo awiri ndi mswachi wakale ndi kamtengo kotokosera m'mano. Mswachi wouma ndi kansalu n'zokwanira.

Mwafunsa kuti ine ndikanatenga uti. Wa maso ndi sandblast wozama, chifukwa awiri ofanana kulibe, ngakhale atachoka m'manja mwa mmisiri mmodzi. Koma amene ndimamuponya m'thumba la jekete popita kumudzi ndi wogobedwa, sindimudandaula. Ngati wa mchenga wanuyo ndi wongopalidwa pamwamba, wokhakhala ngati sandipepa basi popanda mizere yooneka, musaonjezere ndalama, tengani mnzakeyo.

Musanalipire, poti ndi a kaunjika, suzumirani m'mbale ndi tochi ya foni muone ngati khoma silinapse n'kukumbika. Zulani kampopi ka kukamwa pang'onopang'ono, muyang'ane ming'alu pamene kamalowera. Pakhungu lokhakhala mng'alu suoneka msanga, ndiye yendetsani chikhadabo mozungulira malowo. Chikakodwa, m'bwezereni mwini wake.