Sikelo ili m'manja mwa ndani?

Mphunzitsi wina wa ku Ngabu wandilembera kufunsa ngati munthu angakhale wa sosholizimu (mfundo yoti chuma chikhale cha gulu) kwinaku akulola msika waufulu. Akuti ku kalabu yawo ya alimi a chitowe kwavuta, ena akufuna kugulitsa pamodzi, ena aliyense payekha.

Aphunzitsi, mwandikhudza pachilonda.

Ine ndinakulira ku Nsanje nthawi imene abale athu a ku Mozambique ankathawira kuno nkhondo. Bambo wina wa ku Mutarara ankasoka nsapato pafupi ndi kwathu, ndipo akayamba kusimba za midzi ya Frelimo, chipani cholamula kwawoko, komwe anthu ankawasonkhanitsa kuti azilima munda umodzi, ankaiwala kuti shingano ili m'manja. Ankati m'munda wa guluwo udzu umafika m'chiuno. Frelimo inalengeza kuti ikutsata sosholizimu ya Marx ndi Lenin mu 1977, koma pofika 1987 inali itavomera ndondomeko za IMF ndi Banki Yaikulu ya Dziko Lonse. Chaka chomwecho kuno boma linalola amalonda wamba kugula mbewu kwa alimi, ntchito yomwe inali ya ADMARC.

Ndiye kunabwera mavenda. Ndikukumbukira mayi anga atasenza mapira dzuwa la kuchigwa lili paliwombo. Venda anakoleka sikelo pamtengo, chala chili kuseri kwa singano yake. Thumba lodzaza mpaka kukamwa akuti makilogalamu 41. Mayi sanayankhe, anangomanga ndalamazo pansonga ya chitenje. Ufulu umenewo ine ndinauona ndi maso, choncho wondiuza kuti msika umadzikonza wokha ayambe wakasenza thumba.

Komatu nawonso amene amati kulola msika n'kupereka sosholizimu kwa adani amanditopetsa. Lenin yemwe analola alimi a ku Russia kugulitsa zotsala mu 1921 njala itavuta. Ku China, mu 1978, alimi 18 a m'mudzi wa Xiaogang anagawana mwachinsinsi minda ya gulu, akudziwa kuti angamangidwe. Zokolola zinachuluka, boma la Deng Xiaoping linatengera njirayo: pereka gawo la boma, zotsala gulitsa. Mnzake Chen Yun ankati msika uli ngati mbalame, ukaifinya m'manja ifa, ukaitaya ithawa, iike m'khola. Mkangano wawo unali pa kukula kwa kholalo. Ndipo onani, nthaka sanaigulitse, inakhalabe ya gulu. Ambiri otamanda China amadumpha pamenepa. Zoona, kusiyana kwa olemera ndi osauka kunakula, ndipo ena mpaka lero amati chatsala cha sosholizimu ndi mbendera yofiira basi. Ine sindifika pamenepo, ngakhale masiku ena ndimayandikira.

Za kalabu yanu

Aliyense alime munda wake. Gwirizanani gawo loti muzigulitsa pamodzi, lotsalalo mwini aone yekha pamene mwana wadwala kapena fizi yafunika. Koma sonkhani ndalama mugule sikelo yanuyanu, ndipo isamagone kwa tcheyamani.