Maqluba si nyambo

Achemwali ena a ku Manchester anditumizira imelo. Akufuna kukonza tsiku la zakudya ndi zojambulajambula za ku Palestine, koma akuopa kuti anthu akangana. Akuti, kodi chakudya chingaziziritse mitima?

Achemwali, funso lanu landifika pamtima, poti nanenso ndinkaganiza choncho. Ndili ku Johannesburg, mayi wina wochokera ku Nablus, mzinda wa ku Palestine, yemwe tinkakhala khomo loyandikana, anandiitana kukadya maqluba. Ndi mpunga, nkhuku ndi mabiringanya zophikira pamodzi, ndipo zikapsa amavundikira mphika wonse pambale yaikulu n'kuunyamula pang'onopang'ono. Ine ndinapita nditatsimikiza kuti za ndale sinditchula. Koma atangondipatsa buledi woti ndisunse mu mafuta a olivi ndi za'atar (masamba onunkhira okometsera chakudya), anayamba okha kusimba: mu 1977 boma la Israel linaletsa kuthyola za'atar wa m'tchire, ndipo mayi awo ankathyolabe, mtima uli m'mwamba. Palibe anawafunsa. Ifenso timadziwa, ukayamba kukamba za nsima sipatenga nthawi wafika kumunda.

Ndiye ndikukana. Chakudya chisakhale nyambo yokopera anthu kenako n'kutseka pakamwa eni ake. Ku Pittsburgh, ku America, kunali malo odyera otchedwa Conflict Kitchen, omwe Jon Rubin ndi Dawn Weleski anayambitsa mu 2010. Pepala lokulungira chakudya linkakhala ndi mawu a anthu a dziko lomwe chakudyacho chachokera. Atayamba kuphika za ku Palestine mu 2014 anaopsezedwa kuti aphedwa, mpaka anatseka kwa masiku angapo. Chinawawa anthu si chakudyacho ayi. Ndi mawu a papepalawo.

Nsalu nazo n'chimodzimodzi. Tatreez, luso lopeta madiresi lomwe UNESCO inalilemba m'kaundula wake mu 2021, kale linkasonyeza dera lomwe mayi wachokera. Midzi yambiri ya m'madera amenewo inasanduka mabwinja mu 1948, pamene anthu oposa 700,000 anathawa kapena kuthamangitsidwa kwawo. Mungapachike bwanji diresi lotero pakhoma osatchula mudzi wake?

Ndiye mutani?

Pezani Apalestina a komweko, aphike ndi kuyankhula okha, ndipo muwalipire. Khalani pagome limodzi lalitali, osati oyankhula kutsogolo ena kumbuyo. Yalani nsalu yaikulu, singano ndi ulusi, aliyense apetepo. Manja akatanganidwa, mafunso ovuta amatuluka mwaulemu. Wina akakweza mawu, musamutulutse, koma mayi amene waphikayo asadulidwe pakamwa.