Kasitomala akabwera ndi chithunzi cha AI m'foni

Sabata yatha ndinalandira imelo kuchokera kwa mnyamata wina wa ku Nchalo amene amapanga maposita, makadi aukwati ndi malogo pa laputopu. Akuti makasitomala ake ayamba kudzipangira okha zinthu pa ChatGPT ndi Canva, mapulogalamu okhala ndi AI (nzeru za kompyuta zotha kulemba ndi kupanga zithunzi munthu akangoziuza), ndipo amene akubwerabe akumanenerera mtengo mpaka kumusiya opanda kanthu. Funso lake ndi lakuti: "Kodi ndipitirize, kapena ndigulitse laputopuyi ndiyambe kabaza?"

Achimwene, laputopuyo musagulitse. Koma sindikunamizani kuti zonse zili bwino.

Ntchito ina yapitadi, ndipo sibwerera. Mapulogalamu a AI a Midjourney ndi ChatGPT anatuluka mu 2022, kenako mu 2023 kampani ya Adobe inalowetsa AI yake, Firefly, mu pulogalamu yake yokonzera zithunzi ya Photoshop. Kudula munthu pachithunzi n'kumuika pamalo ena, ntchito yomwe inkatidyera ola lathunthu, lero mwana wasukulu akuichita pafoni poyembekezera minibasi pa Dyeratu. Kaposita kamapemphero ausiku kongoika pa WhatsApp, anthu sadzakulipiraninso monga kale. Izi zimandipweteka, chifukwa timaganyu timeneti ndi timene timaphunzitsa munthu dzanja, komanso ndi timene timagula bandulo ndi ndiwo.

Tsono ndikuuzeni zomwe ndinaona ndi maso anga mwezi watha m'kashopu kena kosindikizira ku Ngabu. Kunabwera mayi wina wa gulu la alimi a ng'ombe, akufuna chikwangwani chachikulu choti akakhome pamsewu. Chithunzi anali nacho kale m'foni, mwana wawo ndi amene anawapangira ndi AI. Pafonipo chinali chokongola zedi. Atachitsegula pa kompyuta n'kuchikulitsa, chonse chinangoti mbuu, ngati wachithira madzi. Mawu awiri achichewa anali olakwika. Koma chomwe chinawakhumudwitsa mayiwo ndi ng'ombe: zamawanga akuda ndi oyera, zopanda linunda, zitaima pamsipu wobiriwira m'mapiri. Anangogwira pakamwa n'kunena kuti, "Izi si ng'ombe zathu. Anthu akatiseka."

Chifukwa chake n'chosavuta. Makina a AI anaphunzira kuchokera ku zithunzi ndi zolemba za pa intaneti, ndipo zambiri mwa izo n'zochokera kumaiko ena. Za m'Chigwa cha Shire muno, milambe yathu, migwalangwa, mabwato a pa Shire, n'zochepa kwambiri kumeneko. Chingerezi akumalemba bwino masiku ano, koma Chichewa amapunthwa nacho, nanji Chisena.

Mnyamata wapashopuyo anakwera njinga tsiku lotsatira, anakajambula ng'ombe zenizeni kukhola, nakonza zilembo mu pulogalamu ya CorelDRAW. Pamenepo m'pamene pali ndalama yanu tsopano. AI kawirikawiri imakupatsani chithunzi cha timadontho, pomwe logo imafunika kukhala ya vector, yopangidwa ndi mizere yosasokonekera ukaikulitsa, kuti ituluke bwino kaya pachidindo, patisheti, pachitenje kapena pakhoma la sitolo. Mitundu ya pafoni ndi ya kuwala (RGB), makina osindikizira amafuna ya inki (CMYK), ndipo wosadziwa amadabwa kuona buluu wake wowala watuluka wozimirira. Onjezani dzuwa lathu la mu Okutobala, lopitirira madigiri 40, lomwe limasukulutsa utoto wotchipa posakhalitsa. Kasitomala zimenezi sazidziwa. Inu mumazidziwa.

Palinso nkhani ya umwini. Ku America, ofesi yoona za umwini wa zaluso inanena kuti chithunzi chopangidwa ndi AI yokha, popanda dzanja la munthu, sichitetezedwa ndi lamulo la umwini. Mwini bizinesi wofuna logo yoti akhale nayo zaka zambiri ayenera kumva zimenezi kuchokera kwa inu asanadinde zikwangwani.

Ine ndikanakhala inu, AI ndikanaigwiritsa ntchito tsiku ndi tsiku, poyesera maganizo atatu kapena anayi kasitomala ali pompo, kuti asankhe msanga. Wobwera ndi chithunzi chake musamunyoze, muuzeni mtengo wochikonza kuti chisindikizike bwino, ndipo mtengowo ulembedwe pakhoma. Yambaninso kusunga zithunzi zanuzanu: minda ya nzimbe, thonje pamsika, asodzi a ku Elephant Marsh, amayi ovina utse. Muzipempha chilolezo musanajambule munthu.

Komanso kwezani maso kupitirira maukwati. Chichokereni namondwe Ana mu Januwale 2022 ndi Freddy mu Malichi 2023, mauthenga ochenjeza za kusefukira kwa madzi ndi matenda a kolera akhala ofunika kwambiri ku Chikwawa ndi Nsanje. Uthenga wotere umafuna munthu wodziwa kuti agogo a ku Makhanga amva mawu ati, ndi chithunzi chiti chomwe angachizindikire ngakhale sadziwa kuwerenga. Konzani zitsanzo zisanu za mtundu umenewu, ziwiri zikhale m'Chisena, muzisindikize bwino papepala lolimba, mupite nazo kumaofesi a mabungwe, kusukulu ndi kumakopaletivu mvula isanayambe. Mukazikonza munditumizireko pa imelo yomweyi, ndizione musanazipereke.