Mwana wanu wakhoza, chidulo ndi potassium carbonate

Mayi, mwafunsa ngati n'zoona zimene mwana wanu wa Fomu 3 wanena, zoti mphamvu ya chidulo chophikira therere ndi potassium carbonate, komanso ngati n'chimodzimodzi ndi soda wa m'golosale. Mwanayo wakhoza. Mbewu zimayamwa potaziyamu m'nthaka, ndiye mukatentha zitsononkho, makoko a nyemba kapena a nthochi, iye amatsalira m'phulusa ngati mchere wotchedwa potassium carbonate. Mukathira madzi m'kachitini koboola kunsi kaja, mcherewo umasungunuka n'kumadontha. Kuterera kumene mumamva m'zala mukagwira madziwo ndi iyeyo. Agogo anga ku Bembeke chitsononkho sankataya ngakhale chimodzi, ndipo chigwada chawo chinkafewa mwamsanga, chili chobiriwirabe.

Soda ndi wina, dzina lake ndi sodium bicarbonate, ndipo mphamvu yake ndi yochepa kwambiri poyerekeza ndi ameneyu.

Potassium carbonate wa kufakitale amakhala ufa woyera, wokoka chinyezi zedi. Mutamusiya pa mbale osavindikira m'chifunga cha kuno cha mu June, mupeza wanyowa yekha. Magalamu opitirira 100 amasungunuka m'madzi okwana mamililita 100 okha. Masiku ano satenthanso mitengo kuti amupeze, amamupanga kuchokera ku mchere wa potassium chloride wokumbidwa m'migodi, monga ya ku Canada ndi Russia. Amapangira magalasi, sopo wamadzi, feteleza wina, komanso mankhwala ozimitsira moto wa mafuta ophikira. Chimene chimandigwira mtima ine ndi koko: ku Netherlands, m'zaka za m'ma 1800, Coenraad van Houten anayamba kuthira mchere wotere mu koko kuti achepetse kuwawasa, ndipo mpaka lero pa mapaketi ena a zakudya mumapeza nambala E501, yoimira mchere womwewu. Nzeru yomweyo amayi athu anali nayo pa mafuwa, popanda wowalembera m'buku.

Koma ndikupempheni, musagule ufa wa potassium carbonate wa kufakitale kuti muziphikira. Ndi waukali, umawotcha khungu ndi maso, ndipo wogulitsidwa kuti apangire sopo sanaukonze kuti udyedwe. Chidulo chathu chomwechi chikachuluka chimawononga mavitamini C ndi B1 m'masamba, ndiwo n'kumawawa pakhosi. Thirani pang'ono, ndipo musachiwiritsire mu poto wa aluminiyamu chifukwa chimamudya.

Phulusa lotsala kawazeni kudimba, mbatata ya kachewere imafuna potaziyamu wambiri. Kungoti musaliphatikize ndi urea, chifukwa limathawitsa nayitrojeni wake mumpweya.