Chibonga cha makilo 10 chiyambe chadikira

Wowerenga wina wanditumizira imelo. Akuti wakhala akuonera pa YouTube amuna a ku India ndi ku Iran akuzunguza zibonga zikuluzikulu kumbuyo kwa mutu. Iye amakhala pa kompyuta tsiku lonse, mapewa auma gwa, ndiye akufuna athire simenti m'chitini cha penti, azikemo paipi, apange chake cha makilo 10. Akufunsa ngati zimathandizadi, komanso ayambe bwanji.

Achimwene, zimathandiza ndithu. Koma makilo 10 amenewo aiwaleni kaye.

Amene mukuwaonawo sanayambe dzulo. Ku Iran zibongazo amazitcha meel, ndipo amazizunguza ziwiriziwiri m'nyumba zotchedwa zurkhaneh. Amatsikira m'bwalo lokumba la ngodya 8, pamwamba pali mkulu woimba ng'oma, morshed, amene amalakatula ndakatulo n'kumawapatsa liwiro. Munthu sathamanga mmene akufunira, amatsata ng'oma. UNESCO inaika mwambowu pa mndandanda wa chikhalidwe cha dziko lonse mu 2010. Ku India ochita masewera ogwetsana otchedwa kushti ali ndi jori, zibonga ziwiri zolemera, komanso gada, nsungwi yaitali yokhala ndi mwala kumapeto. Great Gama, katswiri wa masewerawa amene anabadwira ku Amritsar mu 1878 ndipo mu 1928 anagwetsa katswiri mnzake Stanislaus Zbyszko ku Patiala mphindi imodzi isanathe, anakulira m'maphunziro amenewa kuyambira ali mwana.

Zimene mukufuna kupangazo ndi gada. Ndipo apa mpamene ambiri amapusitsika ndi sikelo. Makilo 10 mutawanyamula m'manja si kanthu, mwana wasukulu amabwera nawo kuchigayo. Koma mukawaika kumapeto kwa ndodo ya mita imodzi, nkhani yasintha. Mukaigwira chopingasa, mphamvu yopotokola dzanja lanu imakula molingana ndi kutalika kwa ndodoyo: kutalika kukawirikiza kawiri, nayonso kawiri. Ikayamba kuzungulira ndiye zimaposa pamenepo, chifukwa kutalika kukawirikiza kawiri, kuiyambitsa kapena kuiimitsa kumavuta kanayi. Tsono taganizani mwalawo wagwera kumbuyo kwa msana, zigongono zaloza kumwamba, phewa latseguka mpaka pothera. Pamenepo ndi pamene phewa lili lofooka kwambiri, ndipo ndi pomwe kulemera konse kumakokera. Minofu imazolowera msanga, koma mitsempha yolumikiza mafupa imachedwa. Munthu amamva ngati ali ndi mphamvu, kenako chigongono chayamba kuwawa ngakhale ponyamula kapu ya tiyi.

Kwa mapewa ouma ngati anu, ine ndingakulozereni ku mtundu wina. Asilikali a ku Britain ataona masewerawa ku India m'zaka za m'ma 1800 anawatengera kwawo, koma anachepetsa zibongazo n'kukhala zopepuka, zooneka ngati botolo lalitali. Zinafala m'masukulu ndi kwa asilikali, mpaka zinalowa mu Olimpiki ku St. Louis mu 1904 ndi ku Los Angeles mu 1932. Zambiri zimalemera theka la kilo kapena kilo imodzi basi. Anyamata a ku jimu amaziseka, koma ntchito yake si kutukumula minofu. Ndi kuyendetsa phewa, chigongono ndi dzanja mozungulira mbali zonse, zimene mpando wa muofesi unakulandani.

Kalipentala aliyense wokhala ndi makina osemera miyendo ya tebulo akhoza kukusemerani ziwiri, zotalika masentimita 40 kapena 50, zokhala ndi kamutu kumapeto kwa chogwirira kuti zisapulumuke. Ngati ndalama palibe, mpini wa khasu wopanda khasu lake ukwanira. Gwirani kowondako, kumutu kukhale kunja.

Yambani ndi dzanja limodzi. Imani chilili, mimba yolimba, chibonga chigwe chokha kutsogolo kwa thupi n'kuzungulira bwalo lalikulu, kenako kabwalo kakang'ono kumbuyo kwa mutu. Musachifinye. Chala chachikulu ndi chamkombaphala ndizo zigwire, zinazo zingotsatira. Mphindi 5 mpaka 10 pa tsiku nzokwana, ndipo dzanja lamanzere lidzakuchititsani manyazi, musadabwe. Chitirani panja. Babu la pabalaza silidzapulumuka, ndipo ana akhale kutali.

Mukaona kuti mabwalowo akuyenda osagunda mutu kapena bondo, pangani gada yanu, koma ya makilo 3 kapena 4. Ku India ena amathira simenti mu mphika wadothi, n'kuzikamo nsungwi yokhomedwa misomali kumapeto kuti igwirane ndi simentiyo, ikauma amaswa mphikawo. Misomaliyo musaiwale, apo ayi tsiku lina mutuwo udzauluka wokha. Muziithira madzi kwa sabata yathunthu musanaigwire. Mukayamba, gwirani pakati pa ndodo, muzitsikira kumapeto pang'onopang'ono masabata akamapita.

Chimodzi simunandiuze: kodi mapewawo angouma, kapena amapweteka? Ngati mumamva kubaya mukakweza dzanja kupitirira mutu, ngati ululu umakudzutsani usiku, kapena phewa linagulukapo kale, pitani kaye akakuoneni a fiziyo kuchipatala musanapite kwa kalipentala.