Kodi n'zoona kunena kuti mayi ali ndi "mazira"?

Mayi wina wa ku Zomba walemba kuti: "Tatha zaka 3 pabanja opanda mphatso. Adokotala ati kunenepa kwanga kukusokoneza mazira. Apongozi anga anaseka, ati munthu si nkhuku, ndipo kunenepa n'kupeza bwino. Kodi Chichewa cha adokotalachi n'cholondola?"

N'cholondola, mayi. Kale akuluakulu ankangonena za "mbewu", koma "dzira la mayi" ndi mawu okhazikika masiku ano, kusikelo ngakhale m'kalasi. Mwana wamkazi amabadwa nawo kale mazira ake onse, oposa 1 miliyoni, ndipo akatha msinkhu limodzi limakhwima mwezi ndi mwezi. Mneni wake ndi ameneyo, kukhwima. Ndimakonda "dzira lokhwima bwino" kapena "dzira lamphamvu" kusiyana ndi "ubwino wa dzira", mawu omveka ngati tili pamsika. "Kusukusa" ayi ndithu. Amenewo tiwasiyire nkhuku, chifukwa kwa munthu amapweteka.

Mfundo yomanga ili pa "kunenepa". Mukatsika basi kumudzi, azakhali amakugwirani mkono n'kunena kuti, "Koma ndiye mwanenepatu!" Kumeneko n'kuyamikira, ndipo apongozi anu anamva choncho. Adokotala amanena kunenepa kopitirira muyeso, komwe amakupeza poyerekeza kulemera ndi kutalika kwa munthu. Bungwe la WHO, loona za umoyo padziko lonse, limati chiwerengero chimenechi, chotchedwa BMI, chikafika 30, muyeso wapitirira. Mayi wotalika mamita 1.6 wolemera makilogalamu 80 ali pa 31. Mafuta ochuluka m'thupi amasokoneza mahomoni (timadzi ta m'thupi toyendetsa msambo), msambo umayamba kudumphadumpha, ndipo miyezi ina dzira silituluka n'komwe. Kuonda kwambiri nakonso kumaimitsa msambo. Choncho liwu loti "kopitirira muyeso" lisamasiyidwe, ndi limene lanyamula nkhani yonse. Musanenenso kuti munthu "wanona". Imanona ndi nyama.

"Kudya bwino" nakonso kuli pawiri. Ambiri akamva mawuwa amaona tchipisi, nyama yokazinga ndi zakumwa zotsekemera. Achipatala amatanthauza zakudya zakasinthasintha za magulu 6: zokhutitsa, zanyama, zanyemba, zamasamba, zipatso ndi zamafuta. Nsima ya mgaiwa, usipa, nkhwani wotendera ndi papaya zaposa mbale ya tchipisi ija. Pouza apongozi, nenani kuti "kudya moyenera".

Bambo wina wafunsanso ngati "chumba" ndi "gojo" ali mawu oyenera kulemba m'nkhani za umoyo. Ndi Chichewa chenicheni, koma ndi mawu onyoza, ndipo amagamula mlandu usanazengedwe. Achipatala amayamba kufufuza banja likatha miyezi 12 likugonana osalera koma mimba osaoneka, ndipo amayeza onse awiri, poti kunenepa kopitirira muyeso kumafooketsanso umuna. Lembani kuti "banja lomwe likuvutika kubereka".