Amuna anga akuphwasula siteshoni ya nyukiliya: ndiope cheza kapena fumbi?

Sabata yatha ndinalandira imelo kuchokera kwa mayi wina amene akukhala kumpoto kwa England. Anandipempha kuti ndisatchule dzina. Kalatayo ndaifupikitsa, koma mawu ndi awo:

"Achimwene, bambo akunyumba apeza ntchito yomanga masikafodi (nsanja zazitsulo zokwerapo antchito) pa siteshoni yakale ya magetsi a nyukiliya, ya boma, imene ikuphwasulidwa. Anawalemba ndi kontilakita wamng'ono. Ine tulo sindikupeza poganizira cheza cha nyukiliya, ngakhale iwo amati ndisade nkhawa chifukwa amavala kabaji koyeza chezacho. Koma dzana anangonena mocheza kuti pamene ankagwirapo panali paipi imene chokutira chake chinang'ambika n'kumayoyoka ngati ufa, ndipo kapitawo anati anaonapo kale, palibe vuto. Ine ndinakulira ku Zvishavane, ku Zimbabwe. Bambo anga anachoka ku Dedza kukagwira mumgodi wa asibesitosi kumeneko, ndipo anamwalira akubanika. Kodi ndikungodzivutitsa?"

Mayi, simukudzivutitsa ayi. Kungoti pa zinthu ziwiri mwatchulazi, chimene chikukusowetsani tulo si chimene chingandisowetse tulo ine. Ine mtima wanga uli pa ufa uja, chifukwa ungakhale asibesitosi.

Cheza, mphamvu yosaoneka yotuluka m'zinthu za nyukiliya, n'choopsa, palibe angatsutse. Koma pamalo ngati amenewo cheza chili ngati mkaidi amene aliyense akumulondera. Lamulo la ku Britain limati wantchito asapitirire mamilisiveti (muyezo wa cheza) 20 pachaka, ndipo ambiri amathera kutali kwambiri ndi malire amenewo. Kabaji kaja kamawerengedwa, nambala zake zimalembedwa pa dzina la munthu, ndipo potuluka m'malo a cheza pamakhala makina oyeza manja, mapazi ndi zovala. Chikangolakwika, belu limalira, mabwana n'kuthamanga.

Asibesitosi alibe belu. Kabaji ka amuna anu sikamudziwa n'komwe. Sanunkha, satsamwitsa, sayabwa pakhosi. Ulusi wake umene umapha ndi waung'ono moti maso sangauone, ndipo kuti adziwe ngati uli mumpweya, amachita kukoka mpweyawo ndi kapampu kudzera pa kasefa, kasefako n'kupita nako pa maikulosikopu kukawerenga ulusi umodziumodzi. Munthu akaupuma lero, mawa amadzuka bwinobwino, chaka chamawa chimodzimodzi. Matenda amadzatulukira patapita zaka 20, 30, mwinanso 50. Paja akuluakulu amati chakudza sichiimba ng'oma.

Zimenezi si zongoganizira ine. Ku Britain kuli kaundula wa anthu ogwira ntchito za cheza, National Registry for Radiation Workers. Mu 2009 akatswiri anatulutsa zotsatira atatsatira miyoyo ya anthu oposa 170,000 a m'kaundulayo. Anapeza kuti imfa pakati pawo zinali zochepa poyerekeza ndi anthu wamba, zomwe sizodabwitsa poti ntchito zotere amalemba anthu athanzi. Koma khansa ya kachikopa kokuta mapapo inali yokwera, ndipo ofufuzawo analoza chala asibesitosi, osati cheza. Taganizani, anthu amene anavala kabaji moyo wawo wonse, n'kudzagwa ndi chinthu chimene kabajiko sikayeza.

Mwina mukudabwa kuti asibesitosi akufunanji pamalo a sayansi yapamwamba chotere. Siteshoni ya nyukiliya, mukachotsa ng'anjo yake yapakati, ndi siteshoni ya nthunzi basi: kutentha kumawiritsa madzi, nthunzi imayenda m'mapaipi kukazunguza makina opanga magetsi. Paipi iliyonse yotentha imafuna chofunda, ndipo m'zaka za m'ma 1950 mpaka m'ma 1970, pamene masiteshoni akalewa ankamangidwa, chofunda chotchipa komanso chosapsa chinali asibesitosi. Ankamukulunga pamapaipi, kumumata pamaboyila, kumupopera pazitsulo zadenga, kumuika m'magasiketi, m'matabwa otchinga moto ndi m'matailosi apansi. Chitsanzo chodziwika ndi Calder Hall ku Sellafield, imene Mfumukazi Elizabeth inatsegulira mu 1956 n'kudzasiya kupanga magetsi mu 2003. Itatsekedwa, anachotsamo asibesitosi wolemera matani oposa 2,000, ntchito imene inatenga zaka mpaka kudzatha mu 2010. Siteshoni imodzi imeneyo. Britain inaletsa asibesitosi wabuluu ndi wabulauni mu 1985, woyera mu 1999, koma kuletsa kugula sikuchotsa amene ali kale m'makoma. Mpaka lero anthu pafupifupi 5,000 amamwalira chaka chilichonse m'dzikomo ndi matenda a asibesitosi, kuposa amene amafa pangozi zapamsewu.

Kalata yanu inandikhudza pamene munatchula Zvishavane. Mgodi wa kumeneko, wa Shabanie, unkatulutsa asibesitosi woyera, ndipo kwa zaka zambiri mwini wake anali kampani ya ku Britain ya Turner & Newall. Wabulauni uja, amene ankakonda kumuika m'zokutira mapaipi, ankakumbidwa ku South Africa, makamaka ku Penge. Ndiye kuti mwala umene anthu akwathu ankakumba kumwera kwa Africa unawoloka nyanja, unakutira mapaipi a azungu zaka makumi angapo, ndipo lero mkamwini wa wokumba uja ndi amene wapatsidwa ntchito yomanga nsanja pambali pake. Ena adzakuuzani kuti woyera ndi wabwinoko. Ndi zoona kuti wabuluu ndi wabulauni ndi aukali kwambiri pa khansa ya kachikopa ka mapapo, koma bungwe la zaumoyo padziko lonse la WHO limanena mosapsatira kuti mitundu yonse imayambitsa khansa.

Ndili mwana tinkakhala m'nyumba yofolera ndi malata a asibesitosi. Lata likasweka, anafe tinkatola tizidutswa n'kuponya pamoto kuti tiphulike, ife n'kumaseka pobisala kuseri kwa khitchini. Ndikakumbukira pano thupi limachita tsembwe. Komabe malata aja ulusi wake ndi womangika musimenti, ndipo akapanda kuswedwa, kubooledwa kapena kuchekedwa satulutsa fumbi lambiri. Chokutira paipi ndi nkhani ina. Chimenecho chikakalamba chimafumbutuka ndi chala chokha, ndipo pa zinthu zonse za asibesitosi chili m'gulu la zoopsetsa. Chitsulo cha sikafodi chikachigunda pang'ono, ulusi umakwera mumpweya n'kukhala ukuyandama maola ambiri.

Matenda ake akuluakulu ndi atatu. Pali asbestosis, pamene mapapo amachita zipsera n'kuuma, munthu n'kumabanika ngakhale pokwera masitepe awiri. Amenewa amagwira amene anapuma fumbi lambiri kwa zaka, ngati anthu a mumgodi, ndipo zimene mwafotokoza za bambo anu zikufanana nawo. Pali khansa ya m'mapapo. Ndiye pali mesothelioma, khansa ya kachikopa kaja, imene ingabwere ngakhale fumbi linali lochepa, ndipo ikapezeka kawirikawiri imakhala itapita kale patali. Ngati amuna anu amasuta, asiye. Fodya ndi asibesitosi zikakumana m'chifuwa chimodzi, mpata wa khansa ya m'mapapo suwonjezekera pang'ono, umachulukitsidwa.

Tsopano za kapitawo uja. Mwina amanena zoona. Mapaipi ena anawavula kale asibesitosi n'kuwakutira ndi zinthu zina zimene nazonso zimayoyoka ngati ufa. Koma mawu akuti "tinaonapo kale" si umboni, chifukwa ngakhale katswiri sangasiyanitse ndi maso. Amadula kachidutswa n'kutumiza ku labotale. Lamulo la Control of Asbestos Regulations la 2012 limati woyang'anira nyumba yogwiriramo ntchito azisunga kaundula wosonyeza pamene pali asibesitosi ndi momwe alili, ndipo aliyense amene ntchito yake ingamusokoneze aziuzidwa. Asanagwetse kapena kuphwasula, pamayenera kuchitika kafukufuku wapadera wofufuza mpaka m'kati mwa makoma. Choncho funso loti amuna anu afunse si lakuti "kodi n'zotetezeka?" chifukwa yankho lake limakhala eya nthawi zonse. Afunse kuti: paipi iyi pa kaundula wa asibesitosi yalembedwa kuti chiyani, ndione nawo. Safunsa anadya phula.

Ndikufuna mudziwe momwe ntchito yochotsa chokutira chotere imaonekera ikamachitika mwalamulo, kuti mukafunsa kunyumba muzidziwa chimene mukumvetsera. Imagwiridwa ndi kampani yokhala ndi laisensi ya HSE, bungwe la boma loona za chitetezo pantchito, ndipo amadziwitsa oyang'anira masiku 14 isanayambe. Malowo amawamangira chihema cha pulasitiki chomata ndi tepi paliponse, n'kuthiramo utsi kuti aone ngati pali pothawira mpweya. Makina amakoka mpweya wa m'chihemacho kudzera m'masefa, moti pulasitiki amaoneka wofwamphukira m'kati. Chokutiracho amayamba achibaya ndi timasingano tothira madzi a mankhwala mpaka chinyowe ngati phala, kenako n'kuchikanganula ndi manja, osati ndi makina odulira. Zinyalala zimalowa m'thumba lofiira, lofiiralo m'thumba lina loonekera m'kati. Wantchito potuluka amadutsa m'kalavani ya zipinda zitatu: chakuda kumene amavula ovololo, chosambira kumene amalowa m'shawa masiki ali kumaso n'kudzavula madzi atamutsuka kale, ndi choyera kumene kuli zovala zake zakunyumba. Pomaliza pamabwera woyeza wapadera, ndipo chihema sichichotsedwa asanapereke satifiketi. Ngati amuna anu akuona paipi yong'ambika popanda chilichonse mwa izi, pali ziwiri: mwina si asibesitosi ndipo pepala lilipo lotsimikiza, kapena wina wagona pantchito.

Kanthu kena kakang'ono koma kofunika ndi ndevu. Masiki ogwira kumaso amayenera kuyezedwa pankhope ya mwini wake, ndipo ndevu za masiku awiri okha zimatsegula mpata wolowera fumbi. Timasiki tapepala ta nthawi ya Covid tija pano n'topanda ntchito.

Ndikudziwa chimene chili kuseri kwa kalata yanu ngakhale simunachilembe. Munthu wobwera, wolembedwa ndi kontilakita wamng'ono, mwinanso mapepala okhalira m'dziko akudalira ntchito yomweyo, safuna kutchuka kuti ndi wovuta. Ife Amalawi tili ndi kaulemu kena koti bwana akanena timangoti chabwino, ndipo kaulemu kameneka kanatipweteketsa m'migodi. Koma lamulo la Employment Rights Act la 1996, gawo 44, limateteza wantchito amene wachoka pamalo poona ngozi yaikulu imene ili pafupi. Komanso sikuti ayime yekha. Pamalo a nyukiliya pali mabungwe a ogwira ntchito monga Unite, GMB ndi Prospect, okhala ndi nthumwi zoona za chitetezo, ndipo mwini malo amakhala ndi njira yake yolandirira madandaulo imene kontilakita sangaitseke. Zikakanika m'katimo, kuli Office for Nuclear Regulation, imene kuyambira 2014 imayang'anira chitetezo cha pantchito pamalo a nyukiliya, cha cheza ndi cha zinthu wamba ngati fumbili, ndipo munthu angathe kudandaula popanda dzina lake kuperekedwa kwa abwana.

Ngati zitapezeka kuti ufa uja unalidi asibesitosi, musataye mtima. Kupuma fumbi kamodzi kwa nthawi yochepa sikufanana ndi zaka za mumgodi. Ngozi imakula malinga ndi kuchuluka kwa fumbi ndi kutalika kwa nthawi. Kuthamangira kukajambulitsa chifuwa sabata ino sikungaonetse kanthu. Chofunika n'chakuti nkhaniyo ilembedwe kuntchito, ndipo amuna anu akauze dokotala wawo wa GP kuti ailowetse m'faelo: tsiku, malo, ntchito imene ankagwira, nthawi imene anakhalapo.

Apa ndi pamene ndikufuna kulimbikira, chifukwa a ku America anaphunzira mowawa. Kumalo opangira zida za nyukiliya a boma monga Hanford, Oak Ridge ndi Savannah River, anthu anagwira zaka zambiri pakati pa cheza, asibesitosi ndi mankhwala ena, boma likukana kuti ntchitoyo ikuwadwalitsa. Linadzavomera mu 2000 pokhazikitsa lamulo la chipukuta misozi, ndipo mu 2004 anawonjezera gawo lolipira mpaka madola 250,000 kwa odwala chifukwa cha zinthu zapoizoni, asibesitosi ali momwemo. Amene anavutika kwambiri kulandira anali a zomangamanga olembedwa ndi makontilakita ang'onoang'ono. Kampani inatha kalekale, mabuku anasowa, wantchitoyo wamwalira, mkazi wamasiye akufunsidwa umboni woti mwamuna wake ankagwira nyumba iti zaka 30 zapitazo. Ku Britain kuli thumba la Diffuse Mesothelioma Payment Scheme, la 2014, lothandiza amene kampani yawo ndi inshulansi yake sizikupezeka, koma nakonso amafuna mbiri ya ntchito. Lamulo limati mabuku a zaumoyo a ogwira ntchito ya asibesitosi ya laisensi asungidwe zaka 40, koma womanga sikafodi amene anangodutsa pambali nthawi zambiri dzina lake silikhalamo. Gulani kope, mayi. Muzilemba dzina la kampani, malo, nyumba, miyezi. Mapepala a malipiro ndi masatifiketi a maphunziro a asibesitosi muziika m'chikwama chimodzi ndi mapasipoti.

Ovololo yakuntchito isabwere kunyumba, ngakhale mutaiona yakuda bwanji. Amayi ambiri amene sanapondeko pafakitale anadwala mesothelioma chifukwa chokutumula ndi kuchapa zovala za amuna awo.

Ndipo poti mwakulira ku Zvishavane, m'nyumba ya munthu wa mumgodi, pafupi ndi milu ya zotsalira zamgodi, nanunso kawuzeni GP wanu mbiri imeneyi, zaka zimene munakhalako ndi amene ankachapa zovala za bambo. Dokotala wa ku England akaona mayi wa ku Africa akutsokomola kapena kubanika amayamba waganiza za TB, ndipo za asibesitosi sangazifunse pokhapokha inu mutazitchula.